Boti la pa Matayala

Lakhala chafufumimba pa matayala anayi akutha
kuseri kwa nyumba yathu ku Mufakose
zaka makumi awiri ndi zitatu.
Nkhuku zimaikira kunsi kwake.
Ana a alendi athu amabisalamo akaswa kapu.

Atate analilandira m'malo mwa penshoni.
Bwana wa ku kalabu ya pa Chivero,
tsiku lomanga katundu wake,
anati, Faniwelo, ndalama ndilibe, tenga ili.
Moyo wonse kupala, kupenta, kusoka matanga a eni,
malipiro ake boti mumzinda wa phula ndi fumbi.
Atate anaseka mpaka kutsokomola
kenako anakabwereka lole ya malasha.

Esinati waimba dzulo kuchokera ku Joni.
Achimwene, denga likudontha pa bedi la amayi,
inu mukufunsa mtengo wa vanishi?
Waza, tiphikire nyemba magetsi akazima.
Sindinamuyankhe. Sananame.

Ndapita ku Siyaso ndi kapepala m'thumba:
guluu wosaopa madzi, misomali yosachita dzimbiri,
matabwa atatu, chingwe, sandipepa.
Mnyamata wogulitsa anawonkhetsa pa chikhatho ndi bolopeni
nanditambasulira dzanja.
Malata asanu ndi limodzi, ndinawerenga chamumtima,
ndi fizi ya Tariro ya teremu yamawa.

Komanso likakonzeka lidzayenda pati?
Chivero wa lero ndi phala lobiriwira,
namasupuni wamanga mudzi pamwamba,
fungo la zimbudzi za tauni yonse limakulonjera
usanatsike n'komwe kombi.
Ine amene, kusambira ndi kwa galu,
chiwongolero ndinachigwira kamodzi kokha
dzanja la atate lili pamwamba pa langa.

Loweruka tinalitembenuza anthu asanu.
Abuluzi anabalalika.
Ndinatenga mpeni monga ankachitira iwo,
kubaya thabwa ndi thabwa, khutu lili pafupi.
Kumchira unalowa ngati m'papaya lakupsa.
Chiswe chinadya chake, mvula inadya chake.
Koma nthiti zinakana.
Ndikagogoda zinkayankha, go, go,
ngati chitseko cha nyumba yomwe muli munthu.

Ndi Tariro amene anaona zolembazo,
pensulo yofufuma kunsi kwa mpando,
zilembo zopendekera za munthu wa sitandade thuu:
Mwera. Mpoto. Vuma. Zambwe.
Anawerenga mwachibwibwi, lilime lake la Chishona
likupunthwa pa mawu a agogo ake,
nandifunsa, awa ndi ndani, ndi abale athu?

Ndinafuna kunena kuti ndi mphepo chabe,
kuti agogo ako anachoka kwawo ndi bulangete limodzi
ndi mayina anayi awa,
nawabisa m'boti la mzungu
monga ena amabisira ndalama m'matiresi.
Pakhosi panatseka.
Ndinangoti, eya, ndi abale.

Masamu sanasinthe.
Thabwa lowola ndi lowola,
silimva kuti mwini wake anali munthu wabwino.
Mwina ndidzatha zaka zitatu za Maloweruka
kuti ndidzamire pamaso pa asodzi a matemba,
ndipo Esinati adzainena pa maliro anga.

Ndagula malata awiri, ndakhoma pamwamba pa amayi.
Chenji ndagula sandipepa.

Thanga tinalipeza m'sutikesi, makoswe atalawa ngodya.
Tariro walichapa ndi sopo wa mbale,
taliyanika pa waya pakati pa mayunifomu.
Masana ano kwabwera kamphepo ka Ogasiti
kotola majumbo ndi fumbi la ku Kambuzuma,
kalowa m'nsaluyo, kaitupitsa mimba,
waya walira, mapegisi awiri athothoka.
Mwana wagwira ngodya ndi manja onse,
zidendene zikukhukhuluzika pa dothi,
akukuwa, Baba, uyu ndi uti?
Uyu ndi uti mwa anayi aja?

Ndanyowetsa chala ndi malovu, ndakweza m'mwamba.
Sindikudziwa.
Ndati gwiritsa.